Khomo Limene Achimwene Sanaodire

Amayi anga, kodi kumeneko muli bwanji, mwayamba kuzolowera?

Ine kuno ndilipo. Ndikanati ndili bwino, koma inu bodza munkalinunkhiza lisanatuluke m'kamwa, ndiye ndingoti ndilipo basi. Ndakhala pakhonde panu, pampando wa bambo uja wa mwendo umodzi waufupi, ndipo ndapinda kapepala n'kutsamiritsa monga munkachitira. Yatha miyezi itatu chikuikireni. Ndili ndi nkhani yolemera, koma ndiyamba ndi zapamudzi, poti munkadana ndi munthu wofika n'kuyamba milandu asanafunse za moyo.

Alamu, akazi a achimwene a Lameki, anachira mu Juni. Mwana ndi wamkazi ndipo amutcha dzina lanu, Elube. Mphuno ndi yanu ndithu, palibe wotsutsa, ndipo akakwiya amakwinya chipumi ngati mmene munkachitira wina akachulutsa mchere m'ndiwo. Tsiku limene anatuluka m'chikuta ndinamunyamula mpaka mkono kuchita dzanzi. Anandikodzera pachitenje changa chatsopano, azimayi onse n'kuseka kuti wandisankha.

Mbatata ya kachewere kumunda wa kumtunda yachita bwino, ngakhale mizere ya m'mphepete inadyedwa ndi mfuko. Manachesi abereka mpaka nthambi ziwiri kuthyoka, ndipo ana a sukulu akudutsa njira yathu ngakhale amene kwawo n'kumbali ina. Mbuzi yanu yakuda yaswa awiri, koma khalidwe silinasinthe, dzulo yadya sopo. Denga la khitchini likudontha pamalo omwe aja munkanena chaka ndi chaka. Kutchalitchi mpando wanu wa pafupi ndi zenera palibe amene akukhalapo. Amayi a chigwirizano akamaimba nyimbo yanu ija amathamanga nayo, poti wowabweza ndi diso kulibenso.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pano. Amayi, nanyati wanu waola. Nyemba zija munkati zinachokera kwa amayi anu ndipo sizinadutsepo pasitolo, ndowa ziwiri zonse zimene ndinakusankhirani mutagona m'chipatala, zachita chuku m'nyumba ya mbewu. Si zanu zokha. Mtedza, nandolo ndi chimanga cha makolo cha midzi inayi, zambiri zatayidwa kudzala. Ndipo m'dera lonse la Magaleta, mukafunsa kuti waoletsa mbewu ndani, akuuzani kuti ndi Felesiya, mwana wa malemu a Elube, uja anapita kukaphunzira makompyuta ku Blantyre.

Zina mukuzidziwa, koma mundilole ndiyambire pachiyambi, chifukwa ndikufuna muone pamene zinakhotera. Nyumba ya mbewu ija gulu lanu la alimi linamanga kuseri kwa sukulu, inu mukusenza njerwa ndi mwendo wotupa, inalandira mphatso kuchokera ku bungwe lina la m'tauni: kompyuta, sola, ndi timakina toyeza chinyezi ndi kutentha m'chipinda cha mkati. Chinasowa ndi pulogalamu yoti izisonyeza pa sikirini zimene timakinato tikuona. Kukakhala kouma bwino, bokosi likhale lobiriwira. Chinyezi chikakwera, lifiire, munthu athamange kukayanika mbewu.

A komiti anapita kwa achimwene ku Boma. Sindikuwadzudzula. Munthu akakhala ndi shopu yojambula mapepala ndi kuikira anthu nyimbo m'foni, anthu amati makompyuta onse padziko ndi ake. Achimwene sanafunse n'komwe kuti ntchitoyo ndi yotani. Anangomenya patebulo n'kunena mawu awo aja akhala akunena chiyambire ali mwana, akuti, "Zatheka!" Madzulo ake foni yanga inalira ndili ku Zalewa, kusukulu kumene ndimaphunzitsa. "Chemwali," akutero, "iwe ungolemba. Dzina langa lingokhala papepala poti amene amamudziwa ndi ine. Za m'banja izi." Nditakudandaulirani munati mutu umodzi susenza denga, ndimuthandize mbale wanga. Ndinamvera.

Mukukumbukira Loweruka lija ndinabwera ndi laputopu, inu mukusankha nyemba palichero, ine ndikutukwana chamumtima? Munandifunsa kuti chikundivuta n'chiyani. Ndinakufotokozerani kuti m'kati mwa pulogalamu mumakhala antchito angapo ogwira nthawi imodzi. M'modzi ndiye mwini nyumba: ndi amene anapanga zonse zooneka pa sikirini, mabokosi, manambala ndi mitundu yake, ndipo ndi yekhayo wololedwa kuzigwira. Enawo ndi otumidwa. Wina amakhala akumvetsera kamakina ka chinyezi, wina ka kutentha. Wotumidwa akamva kanthu, saloledwa kutambasula dzanja n'kulemba yekha pa sikirini. Ayenera kupereka uthenga kwa mwini nyumba, mwiniyo alembe ndi dzanja lake. Anga aja ankangolowa n'kulemba okha, ndipo kompyuta inkaima n'kutulutsa kabokosi kodandaula kuti wina wagwira chinthu chimene sanachipange ndi iye.

Ana anga a kusukulu zimenezi zimawatengera sabata kuti amve. Inu simunakweze n'komwe mutu palichero. Munati, "Basitu ndi nkhokwe imeneyo. Bambo ako anakhala nane zaka zonse zija, koma sanapisepo dzanja m'nkhokwe mwanga. Akafuna chimanga ankanena, ine n'kukatapa. Manja awiri akamapisa, umadzuka tsiku lina mulibe kanthu, aliyense akuti sindinadziwe." Kenako munati, "Ndiye antchito akowo uwaphunzitse odi. Odi salipira." Ndinaseka mpaka laputopu kutsala pang'ono kugwa. Tsiku lomwelo ndinalemba kachigawo kakang'ono n'kukatcha dzina loti Odi. Wotumidwa aliyense akafuna kusintha kanthu pa sikirini, amayamba wadutsa pamenepo. Odi amafunsa kuti, kodi iwe ndiwe mwini nyumba? Ngati ndi iye, alowe. Ngati si iye, asiye uthenga pamzere, mwini nyumba adzautenga akafikapo.

Ndinakuuzaninso tsiku lomwe lija kuti pali njira yachidule imene anthu aulesi amauzana pa intaneti. Ndi mzere umodzi wokha. Ukaulemba, kompyuta imasiya kudandaula, kabokosi kaja sikatulukanso, ndipo otumidwa amalowa n'kugwira chilichonse mmene afunira. Zimayenda lero, zimayenda mawa, mwina mwezi wathunthu, mpaka tsiku limene manja awiri adzakumane pamalo amodzi. Munapukusa mutu n'kuloza galu wathu Zilipo amene anali atagona pamthunzi. Munati galu akauwa sumumanga pakamwa, umatuluka n'kukaona chimene akuuwa. Achimwene anali pomwepo, Amayi. Anakhala pa mpando womwe ndakhalira uno, akusenda nachesi, ndipo anaseka nawo.

Mutadwala, ntchito inali isanathe. Malo ambiri ndinali nditaikamo Odi, koma anatsala atatu, ndipo pa atatuwo kabokosi kankatulukabe. Ndinawauza achimwene pakhonde la chipatala, inu muli m'kati pa diripi. Ndinawaonetsa malowo amodzi amodzi ndi mmene ndimachitira, n'kunena kuti pulogalamuyi isapite kunyumba ya mbewu mpaka atatuwa atatha. Anati alendo a bungwe lija akubwera Lachinayi la sabata yamawa kudzaona. Ndinati alendo adikire, mayi athu akufa. Anangoti, "Usadandaule, chemwali, iwe samala amayi." Ndinaona ngati ndi mawu achikondi.

Munatisiya Lolemba, tinakuikani Lachitatu. M'mawa wa tsiku limenelo achimwene anabwera m'nyumba ya siwa n'kundinong'oneza kuti anthu achuluka, ndiwapatse laputopu akaisunge pabwino ingabedwe. Ndinawapatsa osayang'ana n'komwe. Maliro atatha anandiuza kuti malo atatu aja amaliza okha monga ndinawaonetsera, pulogalamu aika, alendo aona ndipo akondwa. Ndinawathokoza, Amayi. Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri n'kuwathokoza kuti andipeputsira katundu. Pamenepa ndiye pali kulakwa kwanga ndipo sindikubisa: sindinapite kukaona ndi maso anga. Nyumba ya mbewu ili pafupi, koma njira yake imadutsa kumanda, ndipo mwezi umenewo miyendo yanga inkakana. Ndinabwerera ku Zalewa, laputopu n'kuwasiyira kuti abwereke.

A Chimbalanga mukuwadziwa, akulu aja osunga makiyi a nyumba ya mbewu, amene munkati mano awo ndi sikelo. Zaka zonsezi ankalowa m'chipinda cha mkati, kupisa dzanja m'thumba, kuluma nyemba imodzi, n'kudziwa ngati yauma kapena ayi. Ndamva kuti tsiku la alendo lija achimwene anawauza pamaso pa anthu kuti, "Madala, za mano zatha. Chitseko cha mkati musamatsegule, mumalowetsa chinyezi. Muzingoona apa: kukabiriwira, kagoneni." Anthu anaseka, alendo anajambula zithunzi. A Chimbalanga ndi munthu womvera. M'mawa uliwonse ankabwera, kuvala magalasi awo omanga ndi ulusi, kuyang'ana sikirini, kuona zobiriwira, n'kutseka.

Mu Julayi kunabwera chiperoni cha masiku ambiri, chija chimanyowetsa ndi bulangete lili m'nyumba. Mphepo inatukula lata limodzi pakona ya chipinda cha mkati, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono. Kamakina ka chinyezi kanaona, Amayi. Wotumidwa wake anamva ndithu, n'kuthamanga kuti akafiiritse bokosi. Koma analowa wopanda odi, pa nthawi yomwe mwini nyumba anali m'kati mokonza sikirini yomweyo. Anagwirana pamenepo, uyu akudikira kuti uyo asiye, uyo akudikira kuti uyu achoke, ndipo sikirini inauma ndi nkhope yake ya dzulo. Bokosi linakhala lobiriwira masabata awiri. Kawotchi ka pakona pa sikirini kanaima pa naini koloko ya Lolemba lina, koma ndani amayang'ana kawotchi pamene anamuuza kuti aziona mtundu? Chimene chinawatsegulitsa chitseko a Chimbalanga ndi fungo.

Komiti inaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, ndipo ine ndinakwera minibasi kubwera, ndikuganiza kuti ndikukaima pambali pa mbale wanga. Anthu anali ambiri, ena atanyamula mbewu zawo zoola m'mapepala kuti tione. Wapampando atafunsa achimwene kuti zinatheka bwanji, anaimirira, anakonza kolala, n'kunena modekha kuti, "Makolo anga, ine ndikuuzeni zoona. Pulogalamu imeneyi sindinalembe ndine. Analemba ndi mlongo wangayu. Ine ndinangonyamula kubweretsa." Amayi, miyezi yonse ija ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha loti achimwene anene pagulu kuti ntchito iyi ndi ya Felesiya. Tsikulo linafika, ndipo linali limeneli. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Mayi wina amene munkaimba naye kwaya ananena mokweza kuti, "Sukulu ya atsikana imathera pomwepa, eti." Ndinangoti ndikaona chimene chinalakwika, ndipo ndinapepesa, ndisakudziwa kuti ndikupepesera chiyani.

Laputopu anandibwezera kudzera kwa alamu. Nditaitsegula ndinapeza chikwatu chatsopano cholembedwa kuti “yomaliza”. Ndinapita molunjika pamalo atatu aja. Analibe Odi ndi amodzi omwe, anali mmene ndinawasiyira pakhonde la chipatala. Ndinadabwa kuti nanga kabokosi kodandaula kanalekeranji kutuluka. Ndinakwera pamwamba, poyambira pulogalamu, ndipo ndinaupeza: mzere umodzi uja womanga galu pakamwa, wokopedwa pa intaneti mmene unalili. Pambali pake panali mawu amodzi olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ZATHEKA.

Kuyambira pano mundikhululukire, ndimutchula dzina lake basi, ulemu wandithera. Kompyuta imasunga tsiku ndi nthawi imene chinthu chasinthidwa komaliza. Ndinayang'ana. Linali Lachitatu lija, hafu pasiti wani masana. Amayi, hafu pasiti wani ine ndinali kumbuyo kwa bokosi lanu, azimayi awiri atandigwira m'khwapa, tikutsika njira ya kumanda. Ndinakumbukira pamenepo kuti mwambo wa m'nyumba utatha Lameki anasowa, anthu n'kumati watsogola kukaona adzukulu okumba manda. Ndinakumbukira kuti nthawi yoika nkhata itakwana, mkulu wa mpingo anaitana mwana wamwamuna woyamba kawiri konse, ndipo iye anatulukira kumbali ya kusukulu, akupuma mwawefuwefu, nsapato zili fumbi. Ndinamumvera chisoni tsiku limenelo. Ndinkati wakalirira kuseri, poti amuna salira pagulu.

Ndiye kuti pamene ife tinkakunyamulani, mwana wanu anali m'nyumba ya mbewu ndi laputopu yanga pamiyendo, akutseka pakamwa chinthu chokhacho chimene chikanapulumutsa nyemba zanu, kuti mawa lake ajambulidwe ndi alendo. Sanalakwitse mosadziwa ayi. Ndinamuonetsa njira yoyenera ndi chala, ndipo inu munamuuza za galu akusenda nachesi. Njira yoyenerayo ikanamutengera ola limodzi, mwina awiri. Ndalira, Amayi, kuposa mmene ndinalirira pamaliro anu, ndipo ndikuchita manyazi kunena zimenezi. Pamaliro ndinkadziwa kuti Mulungu watenga. Apa sanatenge ndi Mulungu.

Ndipo inunso ndili nanu mawu, musandiyang'ane choncho. Ine ndi malemu chemwali anga tikalowa m'nyumba mwanu opanda odi, munkatibweza mpaka pa mtengo wa mapeyala kuti tikayambirenso, ngakhale titasenza ndowa ya madzi. Lameki ankalowa chothamanga, kutsegula kabati, kutenga chimene wafuna, inu n'kumangoti mwana wamwamuna ndi wachangu. Anathyola wailesi ya bambo, munati yagwa yokha. Anagulitsa nkhuku ya eni, munapita kukagwada ndinu. Ndipo Lamulungu lomaliza lija m'chipatala, mawu atayamba kuchepa, munandikoka dzanja n'kunena kuti, "Lameki ndi wopupuluma. Ine ndikapita uzimufunditsa, usadzamuvule pagulu. Chibale ndi fupa, sichiola." Ndinavomera, poti ndani amakana mawu a munthu wogona pabedi lotero? Koma munandisiyira ntchito yanu imene inuyo inakukalambitsani msanga. Munamanga galu pakamwa zaka makumi atatu ndi zisanu, Amayi, ndipo chingwe munandipatsira ine.

Pulogalamu ndakonza. Inanditengera masana amodzi. Mzere uja ndachotsa, malo atatu aja ndaikamo Odi, ndipo ndawonjeza chinthu china: pakona pa sikirini pali kadontho kamene kamaphethira ngati mtima, ndipo kakasiya kuphethira munthu adziwe kuti sikirini yauma, asaikhulupirire. Ndinayesa ndi nsalu yonyowa pa kamakina, bokosi linafiira nthawi yomweyo. A Chimbalanga anali pambali panga. Ndinawauza kuti ngakhale zili choncho, Lolemba lililonse azilowa m'kati n'kuluma nyemba monga kale. Anatulutsa m'thumba la jekete kampango komanga, n'kundipatsa. Munali nanyati wanu wodzaza kapu imodzi. Akuti anakhala masiku awiri padzala akusankha imodzi imodzi zimene chuku sichinafike. "Mayi anu anandipatsako mbewu imeneyi chaka cha njala," anatero. "Ine ndi amene ndinali ndi kiyi, mwanawe. Ndikanatsegula." Akulu aja analira pamaso panga, ndipo komiti ikuti Lachisanu likudzali iwalanda makiyi, ndi kulengeza kumidzi inayi kuti vuto linali la ine ndi iwo.

Pokonza paja ndinakumbukira chinthu chimene sindinakufotokozereni tsiku la lichero. Uthenga kwa mwini nyumba umaperekedwa m'njira ziwiri. Wotumidwa akhoza kuodira n'kuima pakhomo, osasuntha mpaka mwiniyo atachita zimene wauzidwa. Kapena akhoza kuodira, kusiya uthenga, n'kubwerera kuntchito yake. Njira yoyambayo ndi yaulemu, koma ili ndi msampha: ngati mwini nyumba nayenso wakhala m'kati kudikira kuti wapakhomoyo achoke kaye, onse awiri amaima mpaka kalekale. Ndinazindikira kuti ine ndi Lameki takhala choncho masabata atatu. Ine ku Zalewa ndikudikira kuti aimbe foni apepese. Iye ku Boma akudikira kuti ine ndimeze, monga munkamezera inu. Kwa anthu tikuoneka obiriwira, m'kati zikuola.

Ndiye dzana ndinapita kwawo. Ndinasindikiza pepala limodzi lokhala ndi mzere uja, mawu ake aja, tsiku ndi nthawi, ndipo pansi ndinalemba ndi bolopeni kuti Lachisanu aimirire yekha anene. Njinga yake yamoto inali pakhomo, nsapato zake zofiirira zili pakhonde, wailesi ikulira m'kati. Ndinaima pabwalo monga munandiphunzitsira n'kunena kuti odi. Wailesi inatsika. Ndinati odi kachiwiri. Kachitatu anatuluka ndi alamu, Elube ali kumsana, maso ali pansi, akuti, "Bambo ake a mwana kulibe, apita ku Zalewa." Ku Zalewa kumene ndinachokera ine m'mawa womwewo! Sindinawatsutse, si mlandu wawo. Ndikanatha kukankha chitseko, Amayi, ndipo mtima unkafuna. Koma ndikanakhala ngati iyeyo. Ndinapatsa alamu pepala lija ndi manja awiri, ndinagwira kaphazi ka Elube, n'kutembenuka. Sindinadikire yankho.

Mlandu uwu mwini wake ndi Lameki, ndipo woyenera kuugwira ndi dzanja lake ndi iyeyo. N'chifukwa chake ndayamba ndamuuza, ndipo ndamupatsa masiku. Akaimirira Lachisanu n'kunena yekha, ine ndikhala pansi osatsegula pakamwa, ndipo ndidzamuthandiza kuyenda khomo ndi khomo kupempha mbewu kwa amene anasungako kunyumba. Koma akakhala chete, kapena akadzapezekanso kuti wapita ku Zalewa, ndiimirira ndine. Ndikawerenga pepala lija pamaso pa midzi inayi, tsiku ndi nthawi yomwe. Sindilola kuti a Chimbalanga apite kumanda akuganiza kuti anaoletsa mbewu ya anthu, ndipo dzina langa sindilisiya padzala. Ndikudziwa kuti zikatero Elube akhoza kukula osadziwa khomo la azakhali ake. Ndaziganizira zimenezo mpaka mutu kupweteka.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo n'chimene ndalembera kalatayi. Lonjezo lija la m'chipatala mwini wake ndinu. Munalipanga ndinu, ine ndinangolinyamula, ndipo sindingalithyole mwakachetechete ngati wakuba, inu osadziwa. Ndiye ndabwera pakhomo panu. Mumtima ndaima patali, pa mtengo wa mapeyala pomwe paja, manja ndaika kumbuyo. Odi, Amayi. Odi kuno.

Ndikudziwa kuti “lowani” simunena. Ndakhala pampando uno kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka mthunzi wa khitchini wafika pamapazi anga, ndipo chimene ndamva ndi mbuzi yanu yokha. Ndikanakonda kuima pano mpaka mutayankha, koma ndaona kale chimene chimachitika munthu akamadikira amene sangayankhe. Uthenga ndausiya. Mudzautenga mukafikapo, ndipo ngati mudzakwiye, mudzandikwinyire chipumi tikadzaonana, ndidzapirira.

Mupereke moni kwa bambo ndi kwa chemwali. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero ndakulankhulani mawu amene sindikanayerekeza muli moyo. Ndikukulonjezani ziwiri. Nanyati wa m'kampango uja ndikabzala kudimba ndi manja anga, ndipo zikabereka, kapu yoyamba ndidzasungira Elube, kaya bambo ake adzandilola kumupatsa kaya ayi. Chachiwiri, Lachisanu ndikakhala kutsogolo, pepala lili m'manja, ndipo ndikayamba ndayang'ana kaye kwa Lameki.

Ndine mwana wanu uja munkamubweza pakhomo,
Felesiya